Boti ya hydrogen ni yabwino, koma tiyambile pa nyali za kapenta

Mu 2023 ku Norway kunayamba kuyenda MF Hydra, pontuni yonyamula anthu 300 ndi mamotoka 80, yoyendela hydrogen wamadzimadzi. Ili ndi makina ochedwa fuel cell, amene amaphatikiza hydrogen ndi oxygen wa mumpweya n'kupanga magetsi oyendetsa injini. Cotuluka ni madzi cabe, palibe utsi.

Ise amene timadziwa kununkha kwa dizilo pa doko la Siavonga kapena Sinazongwe, nkhaniyi imatikoka mtima. Koma tisathamange.

Hydrogen wa mtundu uwu sakumbidwa pansi. Amapangidwa, ndipo njila yosaipitsa mpweya ni kugawa madzi ndi magetsi. Conco iye ni nkhokwe cabe yosungilamo magetsi, ndipo ni nkhokwe yodontha: kucokela popanga mpaka kubwelelanso kukhala magetsi m'boti, mphamvu yopitilila theka imatayika.

Kusunga ndiye mutu weniweni. Mpweya uwu ni wopepuka kwambili, moti pamafunika kuupanikiza m'matanki olimba, kapena kuuziziitsa mpaka madigili 253 pansi pa zilo kuti ukhale wamadzimadzi. Ukatulukila penapake, umagwila moto msanga. Ngakhale Norway, dziko la madamu ambili, inayamba ndi kutenga hydrogen wa Hydra ku Germany pa mathilaki.

Nanga ise? Mu 2024 madzi anacepa mu Kariba, ndipo ambili tinali kuona malaiti maola ocepa cabe pa tsiku. Kodi magetsi amene akusowa kucigayo ndi kukiliniki ndiwo tikatayile theka popanga hydrogen?

Maganizo athu ni akuti tiyambile pafupi. Boti ya kapenta imacezela usiku wonse nyali zili ngwee pamadzi, injini ya dizilo ikulila. Masana imangokhala padzuwa. Masola, mabatile ndi nyali za LED zingacepetseko dizilo wa usiku, ndipo amakanika athu amazidziwa kale. Comwe msodzi akusowa ni ngongole yogulila, ndiponso kuti katunduyo akhale weniweni, osati wakufa pa miyezi itatu.

A ku Norway naonso anayamba ndi mabatile: pontuni yao ya Ampere inayamba kuyenda mu 2015, hydrogen anabwela pambuyo. Mwina tsiku lina adzathandiza masitima a maulendo aatali ocokela ku Mpulungu. Koma wina akabwela kudzatigulitsa maloto a hydrogen lelo, timufunse mafunso atatu: adzapangidwa kuti, ndi magetsi a ndani, ndipo tanki ikawonongeka adzaikonza ndani?