Dilipi si mpopi wa pamjigo

Abale anga a kwa Mphuka, lero ndilankhula, wokwiya akwiye.

Mwezi watha ndinagona masiku atatu m'chipatala china kudikirira mdzukulu wanga. Usiku namwino anali mmodzi, wodi yodzaza, ena pansi. Gadiyani wa bedi loyandikana nafe ataona kuti dilipi ya mwana wake ikudontha pang'onopang'ono, anapotokola kagudumu kaja, ati mwana achire msanga. Posakhalitsa mwana anayamba kubanika. Mwayi wake, namwino anatulukira. Madzi akalowa m'mitsempha mothamanga amakadzaza m'mapapo, makamaka mwa ana.

Ife alimi tikudziwa: feteleza wa kachitsekerero ka botolo amakulitsa chimanga, wodzaza dzanja amachiwotcha.

Koma mayi uja sindikumuda kwambiri. Tawerengani nokha. Pa dilipi wamba madontho 20 ndiwo mililita imodzi. Botolo la mamililita 500 ndi madontho 10,000. Kuti lithe m'maola 8, pamafunika madontho pafupifupi 21 pa mphindi. Nanga namwino mmodzi angawerenge bwanji madontho pa mabedi onsewo usiku wonse?

Makina a ntchito imeneyi alipo, amawatcha infusion pump. Amalowetsa madzi kapena mankhwala pa mlingo umene dokotala walemba, ndipo paipi ikatsekeka kapena madzi akatha amalira. Musandiuze kuti ndi za ku Ulaya zokha. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anayesa kale kapampu kotsika mtengo kotchedwa AutoSyP, kopangidwa ku yunivesite ya Rice ku America. Kamayendera batire, ndipo ankaperekera magnesium sulfate kwa amayi oyembekezera amene magazi awathamanga.

Ena ati ndi zodula. Zodula? Tiyi amene timathyola m'maesiteti muno amamwedwa mpaka ku London. Nthawi ya kampeni andale amapeza ndalama za zikho za mpira ndi mabokosi a maliro, ife n'kumaomba m'manja. Bokosi timalandira, koma chotiteteza kuti tisalowe m'bokosimo sitipempha. Vuto ndi ifenso.

Pa msonkhano wa VDC ukubwerawu ine ndikaimirira ndi kufunsa kuti ndalama za CDF zikagule mapampu amenewa m'wodi ya ana ndi ya amayi oyembekezera, ndiponso pakhale munthu wophunzitsidwa kuwakonza. Amene ali nane anene m'munsimu.

Pakadali pano, agadiyani, manja anu atalikire kagudumu kaja. Dilipi ikaima, itanani namwino.