Ludzu la Okutobala si losewera nalo

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likamaswa mtengo ndipo malata a m'nyumba za ku Mgona ndi Chinsapo akamatentha kufikira usiku, thupi limene Mlengi analiumba mwaluso limayamba ntchito yake yodziziziritsa, pakuti liyenera kukhala pa madigiri 37 kapena pafupi pomwepo. Motero mitsempha ya pakhungu imatakasuka, thukuta limatuluka, ndipo pouma limachoka ndi kutentha. Koma thukutalo ndi madzi ndi mchere zochokera m'magazi, zimene ziyenera kubwezeredwa.

Impso, atumiki awiri osadandaula aja, zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 patsiku, nkubwezera ochuluka m'thupi, kuti lita imodzi ndi theka yokha ituluke ndi zoipa; ndipo madzi akachepa, mkodzo umachepa nufiira, limene lili chenjezo loyamba. Chakudza sichiimba ng'oma: impso zimafooka mwakachetechete, ndipo makina osefa magazi a pachipatala cha Kamuzu Central sangakwanire onse.

Chondidetsa nkhawa nchakuti anyamata akabaza ndi amayi ogulitsa pamsika ku Kawale ndi Area 25 ambiri amadzimana madzi mwadala, poopa kulipira kuchimbudzi kapena kusowa kumene kolowera. Kuwalalikira anthu otere kuti azimwa madzi, pamene sitinawapatse pokataya madziwo, ndi kuwanyoza.

Inu akuluakulu a khonsolo ya mzinda, ndi inu mafumu a m'madera muno, tikupemphani mwaulemu kuti pamsika uliwonse pakhale mpope ndi chimbudzi chaukhondo chimene wosauka angalowemo osawerenga makobidi.