Mawu a Mlangizi: Mkaka Waufa ndi Chinangwa Chathu

Sabata ino tikambe za mkaka waufa umene mumagula m'masitolo a ku Mbamba. Ambiri mumafunsa kuti, "Kodi mkaka, chinthu chamadzi, usanduka bwanji ufa?"

Tamverani. Pa magawo 100 a mkaka wa ng'ombe, magawo 87 ndi madzi. Ku fakitale ayamba autenthetsa kuti tizilombo tife, ndipo auphwetsa kufikira ulimbe ngati phala. Pamenepo aupopera m'nkhokwe yaitali yachitsulo, ndipo utuluka timadontho tating'onoting'ono ngati nkhungu. M'nkhokwemo muomba mphepo yotentha pafupifupi madigiri 200, kuposa madzi owira. Dontho lililonse liuma lisanafike pansi, ndipo ligwa ngati mchenga wosalala. Malita 8 a mkaka apatsa ufa wokwana ngati kilogalamu imodzi. Nzeru imeneyi anailembetsa ku boma la America Samuel Percy mu 1872.

Popeza madzi achoka, ufawo suwola msanga. Ndicho chifukwa chake ufika kuno pa sitima kuchokera ku Nkhata Bay osasasa.

Tsono ife tiphunzirepo chiyani? Kanthu kakang'ono kauma msanga, chachikulu chichedwa. Chinangwa chathu n'chimodzimodzi. Chowawa chija chili ndi ululu, choncho chisendeni ndi kuchiviika masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe. Mukachivuula, musayanike zibuma zazikulu. Chifinyeni, chiphwanyeni ting'onoting'ono, ndi kuchiyala mopyapyala pa thandala pamene pali dzuwa ndi mphepo. Chibuma chachikulu chiuma kunja kokha. M'kati mukhala chinyontho, mumera chuku, ndipo kondowole wake ada ndi kununkha. Banja litaya chakudya chimene linavutikira chaka chathunthu.

Kumbukiraninso kuti chouma chilichonse chikoka chinyontho, makamaka kuno kunyanja nthawi ya dzinja. Tsekani chitini cha mkaka zolimba. Thumba la ufa liikeni pa matabwa, lisakhudze pansi kapena khoma.

Inu amayi, posungunula mkaka waufa wiritsani madzi a m'nyanja poyamba, ndipo musachulukitse madzi pofuna kuti chitini chikhalitse, pakuti mwana adzaonda. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha.

Yesani mayanikidwe awa, ndipo mudzandiuze pa msonkhano wathu umene mwaona.

Tsalani bwino. Ndine wanu,
Mlangizi wa Ulimi