Analipira Kale, Koma Galimoto Ikufunabe Dalaivala

Mu Okutobala 2016, kampani ya Tesla ya ku America inalengeza kuti galimoto zake zonse zatsopano zili ndi zipangizo zokwanira zoti zidzayende zokha. Mkulu wa kampaniyo, a Elon Musk, analonjeza kuti pofika kumapeto kwa 2017 galimoto idzachoka ku Los Angeles mpaka ku New York munthu osagwira chiwongolero. Chaka chinatha, ulendowo osachitika. Mu Epulo 2019 analonjezanso kuti mu 2020 pamsewu padzakhala matakisi odziyendetsa okha okwana 1 miliyoni. Nawonso sanaoneke.

Ife sitikudzudzula kuchedwa kwa ntchito. Aliyense amene anayang'anirapo ntchito yachitukuko, ngakhale kamlatho ka pamudzi, akudziwa kuti masiku amasuntha. Chimene chikutiwawa n'chakuti ndalama zinatoleredwa katundu asanaperekedwe, ndipo mtengo unkangokwera pamene lonjezo linkanka lithawira kutsogolo.

Taonani. Pulogalamu ya Full Self-Driving inali pa $5,000 kumayambiriro kwa 2019. Mu 2020 inafika pa $10,000, mu Januwale 2022 pa $12,000, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho pa $15,000. Anthu ankathamangira kugula poopa kuti mawa ikweranso. Kenaka mu Epulo 2024 mtengo unatsitsidwa kufika pa $8,000. Tangoganizani mtima wa munthu amene anakhuthula $15,000, akuona mnzake akugula chinthu chomwecho pafupifupi ndi theka la ndalamazo! Chaka chomwecho dzina la pulogalamuyo linawonjezeredwa mawu akuti “Supervised”, kutanthauza kuti dalaivala asachotse maso pamsewu. Nanga kudziyendetsako kuli pati?

Mu Febuluwale 2023, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, la NHTSA, linachititsa kuti pulogalamuyi ikonzedwenso m'galimoto zoposa 360,000, poti inkalakwitsa pamphambano za misewu. Ndipo mu Januwale 2025 a Musk anavomera okha kuti makompyuta a m'galimoto zakale za anthu amene analipira aja ayenera kusinthidwa, zomwezija ankati n'zokwanira.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ogulawa anagulitsidwa wapachala. Maganizo athu ndi akuti aliyense amene watopa ndi kudikira abwezeredwe ndalama zake popanda kumuzunguza. Mu 2023 mwini galimoto wina wa ku Britain anabwezeredwa zake, pamodzi ndi chiwongoladzanja, koma anachita kukayamba wasuma kukhoti.