Madandaulo a oimba besi a mu Ng'ombe

Kwa ogulitsa zida zoimbira zakale mu Lusaka, kwa amisiri ozikonza, kwa abusa ndi akulu a mipingo, kwa eni mabandi, ndi kwa abale athu okhala kunja amene amatitumizira katundu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tikulembafe ndife oimba gitala ya besi a mu komboni ya Ng'ombe. Ena timaimba m'matchalitchi, ena pa maukwati, pa kitchen party ndi pa matebeto, ena m'mabala Lachisanu usiku. Masana mumationa tikuumba mabuloko, tikulondera mageti kumayadi ku Roma ndi ku Kalundu, tikumeta anthu, tikugulitsa pa kantemba. Pakati pathu palibe amene anamatulapo katoni ya besi kapena ya ampu yatsopano. Zonse zimene tili nazo zinayamba zalira m'manja mwa ena, ku London, ku Johannesburg, ku Japan, kapena m'tchalitchi china muno mu Lusaka.

Mutimvetse poyamba pomwe: ukale wa zidazi sitikudandaula nawo. Besi yakale yosamalidwa thabwa lake linauma kalekale, khosi lake linakhazikika. Ampu ya Peavey yopangidwa ku Mississippi m'zaka za m'ma 1980, yolemera mofuna anthu awiri poinyamula, ikulirabe mpaka lero, ndipo ikadwala mmisiri amaitsegula n'kuona ndi maso chimene chapsa, pomwe zambiri zopepuka za masiku ano zikafa zimafuna bolodi yonse yatsopano, yovuta kuipeza muno. Kukoma kwa zakale tikukudziwa. Chikutipweteka ndi bodza limene likuyenda ndi malondawa, ndi kuti chida chikafa, mlandu ndi ngongole zimagwera woimba yekha. Zonsezi zikuchitika m'dziko limene nyimbo zake zinamangidwa pa besi. Kalindula wa ku Luapula anabadwira pa besi yosema pamanja, yokutidwa ndi chikumba. Pa nyimbo za P.K. Chishala, za Amayenge kapena za Shalawambe muchotsepo besi, muone ngati pali amene anganyamuke pampando.

Kwa inu ogulitsa

Kampani ya Fender inatulutsa Precision Bass mu 1951 ndi Jazz Bass mu 1960, ndipo kuyambira pamenepo mafakitale a dziko lonse akhala akutengera maonekedwe amenewo. Kutengera si mlandu. Squier ndi mtundu wotsikirapo mtengo wa Fender yemweyo, ndipo Yamaha ndi Ibanez amapanga mabesi amene ife timaimba monyadira. Mlandu ndi kupala dzina lenileni pamutu pa gitala, kumatapo sitika ya Fender, n'kutchula mtengo wa renti ya miyezi ingapo pa chinthu cha gong'a. Mnyamata amene wadya chilimba chake koyamba amabwera nayo kunyumba akumwetulira, ife akale timayang'ana mutu wa gitalayo n'kusowa pomuyambira.

Nthenda yaikulu ya besi ili pakhosi. Nsambo zinayi zazikulu zija zimakoka mwamphamvu usana ndi usiku, ndiye m'kati mwa khosi muli chitsulo chotchedwa truss rod, chimene amamanga kapena kumasula kuti khosi liwongoke. Nati ya chitsulo chimenechi ikadyeka, besi yatha, ngakhale penti ikhale ikuwala chotani. Inu mumadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mumaipachika nsambo zili zomasula, n'kumati, "Ba boss, timamasula kuti zisaduke." Tikafika kunyumba n'kuikunga, khosi limapindika, nsambo n'kutalikirana ndi mafureti moti chala chimatha kulowa pansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa ampu bodza lili pa mawati ndi pa sipika. Pa bokosi mwalembedwa 2000W ndi zilembo zazikulu, pambali pake tizilembo tating'ono ta PMPO, nambala imene siuza munthu chilichonse. Mphamvu yeniyeni ndi ya RMS, ndipo nthawi zambiri imakhala kachigawo kochepa ka nambala yaikuluyo. Nsambo yaikulu ya besi, ya E, imagwedezeka pafupifupi ka 41 pa sekondi, ya B pa besi ya nsambo zisanu pafupifupi ka 31. Mawu otsika choncho amafuna sipika yokankha mpweya wambiri popanda kung'ambika. Koma tatsegulapo mabokosi a mayina odziwika n'kupezamo sipika ya wailesi ya m'nyumba, yeniyeniyo itagulitsidwa kale padera.

Zonsezi zikanaoneka mukanatilola kuyesa. Mu 2024 mvula inakana, madzi anatsika ku Kariba, malaiti n'kumazima mpaka maola 21 pa tsiku. Linali tsoka la dziko lonse, koma kwa ena a inu linasanduka chobisalira. "Malaiti kulibe, mudala, koma ilira bwino, mukayesere kunyumba." Lisiti mumakana kulemba. Tikabwera nayo mawa lake mumati taiotcha tokha, n'kutiloza chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Dziwani kuti lamulo loteteza ogula la 2010, Competition and Consumer Protection Act, limaletsa zikwangwani zotere, ndipo kuli bungwe la CCPC lolandira madandaulo. Koma wopanda lisiti akayambira pati? Pali ena amene ngakhale shopu alibe: amatumiza chithunzi pa foni, amafuna ndalama patsogolo, ikangolowa nambala yawo imazima.

Kwa inu abale athu akunja

Tikuthokoza mtima wanu, ndipo tikudziwa kuti ndalama yotumizira katundu wolemera chonchi mumaivutikira. Pempho lathu ndi lakuti muziwerenga kumbuyo kwa ampu musanagule. Magetsi a muno ndi a mavoti 230. A ku America ndi ku Canada ndi a 120, a ku Japan ndi a 100. Ampu ya kumeneko ikafika, munthu amangodula pulagi n'kuikapo ya mano atatu ya kuno. Akaiyatsa kumveka phu, kafungo ka waya wopsa, mphatso ya zaka zambiri yathera pomwepo. Ina imakhala ndi kaswichi kosinthira mavoti, ina imafuna thiransifoma yotsitsa magetsi, yomwe nayonso ndi ndalama ndiponso katundu wina woti tizinyamula. Zochokera ku Britain ndi ku South Africa zilibe vuto limeneli, poti magetsi awo ndi ofanana ndi athu. Ngati mwagula ya mavoti ochepa, matani pepala lalikulu pa chingwe chake, chifukwa woyamba kuiyatsa kawirikawiri sakhala amene munalankhula naye pa foni.

Kwa inu amisiri

Popanda inu komboni yonse ikanakhala chete, ndipo tikudziwa kuti ambiri munaphunzirira pa mawailesi ndi ma TV, popanda mapepala oonetsa mayendedwe a mawaya a zida zimenezi. Koma pali zizolowezi zimene zikutipha. Fyuzi ikapsa mumakulungapo waya. Fyuzi ndiye mlonda wa ampu, ikapsa ndiye kuti m'kati muli vuto, ndipo waya wanuyo amachititsa kuti ulendo wina ipse thiransifoma, chinthu chodula kuposa zonse. Pokulunganso koyilo ya sipika mumatenga waya uliwonse umene muli nawo, sipika ya ma ohm 8 n'kubwerako ili ya nambala yosadziwika, ampu n'kumatentha popanda wodziwa chifukwa. Ena mumasunga ampu miyezi, ikamabwera zina za m'kati zitasinthidwa, zabwinozo zitakachiritsa ampu ya kasitomala wina.

Choopsa kwambiri ndi kudula waya wa earth pofuna kuthetsa kulira kwa ng'iii. Nsambo za besi n'zolumikizidwa ku chitsulo cha ampu kudzera pa chingwe. Ampu ikayamba kudontha magetsi ilibe earth, njira yotsala ndi thupi la woimba, makamaka akagwira nsambo milomo ili pa maikolofoni, kapena ataima pa simenti yonyowa nthawi ya dzinja. Ambiri a ife tagwidwapo ndi magetsi pakati pa nyimbo, anthu n'kumaseka poganiza kuti tikuvina.

Kwa inu abusa, akulu a mpingo ndi eni mabandi

Tikulankhula mwaulemu, pakuti ndinu makolo athu. Mpingo ukasonkha za zida umagula kiyibodi, ng'oma ndi maikolofoni. Zikafika pa besi timamva kuti, "Mwana wanga, ubwere nayo yako." Timabwera nayodi, pamodzi ndi ampu imene tinagula ndi thukuta lathu, titaikankha pa wilibala m'njira za miyala za mu Ng'ombe, kapena titailipirira mpando wakewake mu minibasi. Ikangolowa m'tchalitchi imasanduka ya aliyense. Wa kiyibodi alowetsamo chingwe chake, wolengeza alowetsamo maikolofoni, achinyamata alumikiza foni. Pa msonkhano waukulu wina amabwereka masipika n'kuwalunzanitsa onse ku ampu yomweyo. Masipika awiri a ma ohm 8 olumikizidwa mbali ndi mbali amakhala 4, anayi amakhala 2, pomwe maampu ambiri anapangidwa kuti asatsike pansi pa 4. Imayamba kutentha, kenako kudukiza, kenako zii.

Pa mapemphero a usiku wonse jenereta amailiza ampu ili yoyatsa, ndipo mafuta akamatha magetsi amakwera n'kutsika mpaka china chipse. Pakati pa sabata chida chimagona m'kachipinda ka malata. Mu Okutobala chimaphikika, mvula ikayamba chimamwa chinyezi, mu Ogasiti fumbi limadzaza m'mapoti mpaka kumakanda pozunguza. Chikafa, mawu amene timalandira ndi akuti Mulungu adzatidalitsa. Tikukhulupirira kuti adzatero, koma mmisiri amafuna ndalama lero. Nsambo zatsopano n'zodula moti ambiri timaphika zakale m'madzi otentha kuti litsiro lichoke, zilireko masabata angapo. Eni mabandi nanunso mumalandira ya ukwati wonse, woimba besi n'kumupatsa mofanana ndi wobwera chimanjamanja, ngati kuti ampu yake ilibe mtengo.

Palinso zakuba. Zida zikabedwa m'tchalitchi ku Mtendere kapena ku Chawama sizipita kutali, zimadzatulukira m'manja mwa wogulitsa wina. Wogula mosadziwa ndiye amakayankha kupolisi, pakuti kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a Zambia. Chida amalandidwa, ndalama osabwerera. Mipingo yambiri sinalembepo nambala za zida zake, ndiye ngakhale mwini weniweni amalephera kutsimikiza kuti n'zake.

Tsiku logulitsa ife

Renti ikakwana, mwana akadwala, kumudzi kukagwa maliro, besi ndiyo imayamba kutuluka m'nyumba. Pamenepo wogulitsa uja amene ankaitamanda amaona zilema zonse zimene anatibisira, n'kutchula mtengo wosafika theka. Ena timaipereka chikole kwa akaloba, tsiku likadutsa yapita.

Ndipo pali ogula a mtundu wina. Nyimbo za Zamrock za m'ma 1970 zadzuka kunja. Gulu la WITCH la Jagari Chanda linatulutsa chimbale cha Zango mu 2023 ndipo limaimba ku Ulaya ndi ku America. Mu 2024 Tyler, the Creator anaika chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family m'nyimbo yake ya Noid, patapita zaka 35 mtsogoleri wa gululo, Paul Ngozi, atamwalira mu 1989. Zimbale zoyambirira za nthawi imeneyo zimagulidwa madola mazanamazana. Izi zimatisangalatsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti odziwa mitengo ya kunja amazungulira m'makomboni kufunafuna zimbale, magitala ndi maampu akale kwa amasiye ndi adzukulu amene sadziwa chimene akusunga pansi pa bedi, n'kuwapatsa ya thumba la ufa. Kugula si kulakwa, koma muuzeni mwini wakeyo mtengo woona, asankhe akudziwa.

Zimene tikupempha

Ogulitsa, lolani chida chiyesedwe pa mphamvu yake yonse, besi itakungidwa, tisanapereke ndalama. Ngati malaiti kulibe, malonda adikire. Lembani lisiti yokhala ndi mtundu ndi nambala ya chidacho, ndipo chimene chinasinthidwa kapena kufa munene. Tigulabe, koma pa mtengo wake. Amisiri, ikani fyuzi ya nambala yoyenera, musadule earth, ndipo chimene mwachotsa mutibwezere m'manja. Mipingo ndi mabandi, ngati chida cha munthu chikutumikira gulu, gulu lizisonkha za nsambo, zoyendera ndi zokonzetsa, ligule chotetezera magetsi, ndipo lilembe nambala za zida zonse m'buku. Kwa a National Arts Council, a Zambia Association of Musicians ndi masukulu ophunzitsa nyimbo ndi ntchito zamanja monga Evelyn Hone College, pempho lathu ndi maphunziro afupiafupi a kakonzedwe ka magitala ndi maampu, ofika kwa amisiri a m'makomboni.

Ifenso tagwirizana zathu. Wogula koyamba asapite yekha, azitsagana ndi wodziwa kuyang'ana khosi ndi kutsegula kumbuyo kwa bokosi. Nambala za zida zathu tikuzilemba m'buku limodzi, kuti chobedwa chizidziwika msanga. Wogulitsa woona tizimutumizira anzathu a ku George, ku Matero ndi ku Kalingalinga. Wokana kuti tiyese sitimugula, ndipo tiziuzana.

Ndife,
Oimba besi a mu komboni ya Ng'ombe, Lusaka