Gogodera wa agogo mupukuteni, koma asalirenso



Chimanga chikayamba kukhwima, njovu za ku Vwaza sizitigonetsa tulo, ndiye anyamata ena amakumbukira mfuti za gogodera zomwe agogo anabisa kudenga. Ndawamva akulangizana zozipala dzimbiri ndi sandipepa, ena akuti madzi a batire ndiye achangu. Ine maganizo anga ndi awa: kupukuta pukutani, koma yoombera iwalani.

Choyamba, gogodera amathiridwa wonga chakukamwa, ndipo akale ambiri ankamusunga ali wothira kale. Wonga wouma saola, ngakhale patapita zaka 50 ukhoza kuyaka. Ndiye musayerekeze kumuwamba pamoto kapena kumugogoda ndi hamala ati dzimbiri ligwe. Musasuzumirenso kukamwa kwake, chonde.

Chachiwiri, dzimbiri lomwe mukuliona kunjalo si loopsa. Loopsa lili m'kati mwa paipi, momwe utsi wa wonga unasiya mchere wokoka chinyontho. Chitsulo chinadyeka ngati chimanga chofumbwa: kunja bwinobwino, m'kati mphako. Mukawalitsa kunja n'kuthira wonga, paipi imaphulikira m'manja mwanu. Njovu ipita ili gwa, inu zala mulibe. Nanga khasu mudzagwira ndi chiyani?

Komanso lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, moti kupha njovu kukhoza kukulowetsani kundende mpaka zaka 30. Kusunga mfuti popanda chiphaso nakonso ndi mlandu pakokha. Ikapezeka pakhomo, uzani amfumu, mupitire limodzi kupolisi akaione ngati ili yothira komanso akuuzeni zoyenera kuchita.

Akakulolani kuisunga ngati chikumbutso, mpamene mungaipukute. Pakani parafini kapena oilo, igone masiku awiri, kenako tikitani pang'onopang'ono ndi steel wool yosalala, mupukute ndi kansalu, mupakenso oilo. Sandipepa ndi asidi zimadya chitsulo, zimafufutanso zilembo zomwe zikanatiuza kumene mfutiyo inachokera. Pajatu zina mwa izi zinafika kuno ndi amalonda a minyanga ya njovu, ndi mbiri yathu imeneyo.

Za njovuzo tisatope kukadandaula kwa a zanyama zakutchire, ndipo waya wa mpanda tisamadule kupangira misampha, tikudzipweteka tokha.

Kwanuko mumatani nazo mfuti zakalezi? Tandiuzani m'munsimu.