Mwana aphunzire mbiri, mudzi uvote ndi maso

Makolo ambiri amati phunziro la História ku sekondale n'lotaya nthawi, bola masamu. Ine ndikuti ayi. Mudzi umene ana ake sadziwa mbiri ya dziko umanamizidwa msanga pa nthawi ya cisankho.

Taonani zimene mwana amaphunzira. Pa nthawi ya atsamunda Acipwitikizi, makolo athu ankagwidwa cibalo, ndipo analibe mawu posankha wolamulira. Nkhondo ya ufulu inayamba mu 1964, ufulu tinalandira pa 25 Junho 1975. Kenaka panabuka nkhondo ya pacibale ya zaka 16, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ena mwa iwo ndi ife a m'malire muno. Malamulo aakulu a 1990 analola zipani zambiri. Pa 4 Outubro 1992, ku Roma, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Cisankho coyamba ca zipani zambiri cinacitika mu Outubro 1994.

Nanga zimenezi zikutithandiza ciyani? Wina akabwera pamsonkhano n'kunena kuti mtendere anaubweretsa yekha, mwana wophunzira adziwa kuti panganolo linali la mbali ziwiri. Wina akaopseza kuti mukapanda kumuvotera nkhondo ibwerera, mwanayo akumbutsa kuti voti inabwera kuti ilowe m'malo mwa mfuti, ndiponso kuti ndi yacinsinsi. Wina akakupatsani nsalu kapena mcere, mwanayo afunsa kuti: kodi cinthu cimene anthu anafera cigulitsidwe pa mtengo umenewu?

Ena amati buku la kusukulu silinena zonse. N'zoona. N'cifukwa cake inu agogo, amene munagona kuthengo ndi kudya cakudya ca m'misasa ya othawa nkhondo, muyenera kuwonjezera zimene munaona. Mwana ayerekeze buku ndi mawu anu. Zionetsero ndi imfa zimene zinatsatira cisankho ca 2024 zikuonetsa kuti phunziroli silinathe nchito.

Lamulo la 2018 limati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Tisawacotse ana, makamaka atsikana, cifukwa ca ukwati kapena ganyu kutsidya. Akafika zaka 18, akalembetse, atenge cartão de eleitor, akavote akudziwa kumene tinacokera.